Mwana wakakamira koleji ya ma Quaker ku Richmond, ndithandizeni nzeru

Amake Tadala
Abale anga m'gulu muno, mwaswera bwanji? Pepani ndilemba zazitali. Tadala akumaliza sekondale chaka chino ndipo makoleji atatu amutenga: Purdue ku West Lafayette, Andrews kuno pafupi ku Berrien Springs, ndi ina yotchedwa Earlham College ku Richmond, kumalire ndi Ohio. Ine ndi bambo ake mtima wathu unali pa Andrews. Ndi ya mpingo wathu wa Seventh-day Adventist, komanso kuchokera kuno ku South Bend, ku Indiana m'dziko la America, ndi kamtunda kochepa, akhoza kumabwera kudzadya nsima ya Sabata. Koma mwana wakakamira Earlham, sakumva za munthu. Akufuna kuphunzira bayoloje kuti adzapite ku udokotala. Nditayang'ana pa intaneti ndapeza kuti ndi sukulu ya ma Quaker, ndipo ophunzira onse sakwana ngakhale 1,000. Ma Quaker amenewa ndi ndani? Ndi mpingo weniweni kapena kagulu? Adzamukakamiza kupemphera nawo? Tikuyenera kuyankha pofika pa 1 May. Amene mukudziwa, chonde musandibisire kanthu.

Chimwene wa ku Dayton
Si aja a phala la oats aja? Mdala wa chipewa chakuda amene amamwetulira pa katoni? Ngati ndi amenewo mwanayo sadzagona ndi njala.

Aphunzitsi Opuma
Achimwene, kampani ya phala ija siya ma Quaker. Anangotenga dzinalo chifukwa anthu amenewa ankadziwika kuti sanama pa malonda.

Amake Tadala, ma Quaker si kagulu kadzana. Dzina lawo lenileni ndi Religious Society of Friends, iwo amangotchulana kuti Abwenzi. Anayambira ku England m'zaka za m'ma 1650, ndipo amene amatchulidwa kwambiri pa chiyambi chawo ndi George Fox. Chiphunzitso chawo chachikulu n'chakuti Mulungu amayankhula ndi munthu aliyense mwachindunji, popanda wansembe pakati. Kuchokera pamenepo mpamene pamatuluka zina zonse: ankakana kuvulira chipewa akuluakulu, ankakana kulumbira m'khoti ponena kuti munthu azinena zoona masiku onse, ndipo amakana nkhondo. Anamangidwa kwambiri chifukwa cha zimenezi. William Penn, amene anayambitsa Pennsylvania, anali m'modzi wa iwo. Mu 1947 mabungwe awo awiri, la ku America ndi la ku Britain, analandira mphotho ya Nobel ya mtendere.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti dziko limene lili ndi ma Quaker ambiri lero si America kapena England ayi, ndi Kenya. Amishoni awo anafika ku Kaimosi mu 1902, ndipo likulu la Friends United Meeting, kumene mipingo yambiri ya ku Kenya ija imalumikizana, lili ku Richmond komweko kumene mwana wanu akufuna kupita.

Aphiri a ku Elkhart
Mbiri tamva, zikomo aphunzitsi. Koma mwana sakukadya mbiri. Purdue yamutenga, ndiye tikukambirananso chiyani apa? Neil Armstrong, woyamba kuponda pa mwezi uja, anaphunzira pamenepo. Fizi ya mwana wa mu Indiana ili pafupifupi $10,000 pa chaka osawerengera pogona ndi chakudya, ndipo anaiimika osakweza kwa zaka zoposa 10. Ukatchula Purdue ku Chicago, ku London ngakhale ku Lilongwe anthu amagwedeza mutu. Earlham ndani akuidziwa? Komanso akuti ndi liberal arts. Mwana akufuna udokotala, zojambulajambula zimuthandiza chiyani?

Nasibeko
Anti Amake Tadala, ine ndinaphunzira ku Earlham zaka zinayi, ndiye ndiloleni ndiyankhe pang'onopang'ono ndikamapeza mpata kuntchito kuno.

Ankolo Aphiri, liberal arts si zojambula. Ndi kaphunzitsidwe koti munthu amakhala ndi phunziro lake lalikulu, kaya bayoloje, kemisitiri kapena zachuma, koma amayeneranso kutengako maphunziro a mbali zina monga mbiri, chiyankhulo ndi kulemba. Ine ndinachita kemisitiri ndipo masiku ambiri ndinkathera mu labu. Bayoloje ndi limodzi mwa maphunziro amene sukuluyi imadziwika nawo. Ali ndi nyumba yosungiramo zachilengedwe, Joseph Moore Museum, mmene muli mafupa a chinyama chakale chonga njovu, ndipo ophunzira ndi amene amagwiramo ntchito. Kuseri kwa sukulu kuli nkhalango ndi minda, makalasi ena amachitikira komweko.

Za kupemphera: palibe amene adzamukakamize. Ophunzira achi Quaker enieni ndi ochepa. Ine ndine wa CCAP, ndinalowa wa CCAP ndipo ndinatuluka wa CCAP.

Amake Tadala
Zikomo mwanangu. Nanga unafikako bwanji iweyo kuchokera kumudzi?

Nasibeko
Ndinadzera ku Waterford Kamhlaba ku Mbabane, ku Eswatini, imodzi mwa sukulu za United World Colleges (UWC) zimene zimatenga ana a m'mayiko osiyanasiyana. Ana ochokera ku sukulu za UWC amathandizidwa ndi sikolashipu ya Davis, ndipo Earlham imatenga ambiri a iwo. N'chifukwa chake kasukulu kakang'ono chonchi kali ndi ana a m'mayiko ambirimbiri. Ndinatsikira pa bwalo la ndege la ku Dayton, galimoto n'kuyamba kudutsa minda ya chimanga yokhayokha, mumtima ndinati andibweza ku Mchinji kodi?

Zinthu ziwiri zinandizunguza mutu sabata yoyamba. Choyamba ndi chete. Msonkhano uliwonse umayamba ndi kukhala chete kwa kanthawi. Tsiku loyamba ndinaweramitsa mutu kudikira kuti wina ayambe pemphero, koma palibe anatsegula pakamwa. Ndinaganiza kuti mwina kwagwa maliro ndipo ine ndekha sindinauzidwe. Pali nyumba yawo yopemphereramo, Stout Meetinghouse, yopanda mtanda, yopanda zithunzi, mabenchi okha. Pa mapemphero a chete anthu amangokhala mpaka ola lathunthu, wina akamva kuti ali ndi mawu amaimirira n'kunena mwachidule, n'kukhalanso pansi. Pomaliza amagwirana chanza, basi kwatha. Anzanga a ku Kenya ankaseka, amati kwawo ma Quaker ali ndi abusa ndi makwaya, amaimba mpaka fumbi kobo.

Chachiwiri ndi maina. Aliyense amatchulidwa dzina lake loyamba, kuyambira wosesa mpaka pulezidenti wa koleji. Kulibe Dokotala, kulibe Pulofesa. Ine teremu yonse yoyamba ndinkazemba, ndinkangoyamba kuyankhula osatchula dzina, chifukwa lilime linkakana kutchula gogo wa imvi ngati mnzanga wosewera naye fulaye.

Aphiri a ku Elkhart
Mwamva? Ndi zimenezo. Mwana apite akuti "Amalume", abwere akuti "Phiri, muli bwanji". Ine wanga atayesa zimenezo fizi alipira yekha.

Chimwene wa ku Dayton
Akanati "muli bwanji" bola. Adzati "uli bwanji" 😂

Agogo Nangondo
Inu Aphiri, ulemu umaphunzitsidwa pakhomo, osati ku koleji. Tili nawo ana kuno amene sanapondeko sukulu ya ma Quaker koma moni weniweniyo amachita kuwapempha. Ine changa ndi china. Anthu amenewa ndamva kuti sabatiza ndi madzi ndipo sadya Mgonero. Mwana wa Sabata akakhala pakati pa anthu otero zaka zinayi, popanda womudzutsa m'mawa wa Sabata, adzaima? Ku Andrews dzuwa likamalowa Lachisanu sukulu yonse imadziwa kuti Sabata layamba.

Nasibeko
Agogo, za ubatizo ndi Mgonero mwanena zoona, mwambo wawo ulibe zimenezo, amati zonse ndi za mumtima. Ndipo sindikufuna kunamiza Anti. Sukuluyi ndi ya maganizo omasuka kwambiri. Tadala adzagona hositelo imodzi ndi Asilamu, Ayuda, Abuda, osakhulupirira Mulungu, ndi ena amene moyo wawo mpingo wathu suuvomereza. M'kalasi adzafunsidwa chifukwa chimene amakhulupirira zimene amakhulupirira, ndipo yankho loti "amayi anandiuza" silidzakwana. Palibe adzamuseke chifukwa chosunga Sabata, anthu ake amalemekeza munthu woima pa chikumbumtima chake, poti makolo awo anamangidwira zomwezo. Makalasi ndi Lolemba mpaka Lachisanu. Koma masewero, maphwando ndi maulendo ambiri amagwa Loweruka, ndiye adzayenera kumakana yekha, popanda belu lomuthandiza.

Ine chikhulupiriro changa chinagwedezeka chaka chachiwiri, sindikana. Chinabwerera, koma chinabwerera chili changa.

Agogo Nangondo
Chako chinabwerera. Si onse chimawabwerera, mwana wanga.

Nasibeko
Zoona Agogo. Pamenepo ndilibe mawu.

Ankolo a Misonkho
Ndilowererepo ndi za ndalama, chifukwa tikhoza kutsutsana za mapemphero mpaka mawa pamene kalata ya fizi yayankha kale. Achemwali, musayang'ane mtengo umene uli pa webusaiti. Makoleji aang'ono oima paokha amalemba mtengo woopsa koma ndi ochepa amene amalipira wonsewo. Tengani makalata atatu a thandizo la ndalama, muwayale pa tebulo. Pa iliyonse lembani mtengo wonse, fizi, pogona ndi chakudya, kenako muchotse ndalama zaulere zokha: sikolashipu ya sukulu, Pell (thandizo la boma la America kwa mabanja opeza zochepa) ngati akuyenera, ndi Frank O'Bannon Grant. Ya O'Bannon ndi ya boma la Indiana, imagwira ku Purdue ndi ku Earlham, koma siwoloka malire kupita ku Michigan kumene kuli Andrews. Ngongole musaichotse, ngakhale aiike pamzere umodzi ndi sikolashipu. Mwana wa chaka choyamba boma limamubwereka mpaka $5,500 m'dzina lake. Zotsalazo akakuuzani kuti Parent PLUS, dziwani kuti imeneyo ndi ngongole yanu inuyo, osati ya mwana.

Mufunsenso ngati sikolashipuyo ndi ya zaka zonse zinayi, ndiponso magiredi amene ayenera kusunga kuti isachotsedwe. Ndipo kalata yopempha kuti awonjezere thandizo imaloledwa, anthu athu timachita manyazi pachabe.

China chimene Aphiri sanatchule koma chili kumbali yawo: makoleji aang'ono ambiri m'dziko muno akuvutika kupeza ophunzira. Saint Joseph's College ku Rensselaer konkuno ku Indiana inaimitsa maphunziro mu 2017, ana n'kumasaka kolowera. Earlham ndi yakale, inayamba mu 1847, ndipo ili ndi thumba la ndalama lokulirapo poyerekeza ndi kuchepa kwake, koma chiwerengero cha ophunzira chatsika poyerekeza ndi kale. Mukapitako funsani mosapsatira kuti aphunzitsi a bayoloje ndi kemisitiri alipo angati, ndipo makalasi ofunika ku udokotala amaphunzitsidwa chaka chilichonse kapena modumphitsa.

Chimwene wa ku Dayton
Mufunsenso za mpira wawo uja wa zipewa, American football. Anagonja magemu 53 motsatizana mpaka anangoimitsa timu mu 2018. Anthu okana nkhondo ukawapatsa masewero ogundana umayembekezera chiyani?

Aphiri a ku Elkhart
Apa mwandiseketsa achimwene. Koma funso langa silinayankhidwe. Sukulu za udokotala zikaona dzina losadziwika sizitaya pepala?

Dokotala wa Ana
Ayi bambo. Ine ndinadutsa njira imeneyo, ngakhale ndinaphunzira pa yunivesite yaikulu ya boma. Amayang'ana magiredi, mayeso a MCAT olowera ku sukulu za udokotala, zimene wachita kunja kwa kalasi monga kafukufuku ndi kuthandiza m'chipatala, ndi makalata ochokera kwa aphunzitsi. Pa makalatapo mpamene sukulu yaing'ono imapambana. Ine kemisitiri ya chaka choyamba tinalimo mazana angapo mu holo imodzi. Pulofesa ndinkamuona patali ngati m'busa wa pa msonkhano wa misasa. Nditafuna kalata ndinachita kudzifotokoza kuti ndine ndani. Koma ndisanamenso, yunivesite yaikulu ili ndi malabu ambiri ndi maphunziro ambiri, ndipo mwana wolimba mtima wogogoda pa zitseko amapeza zambiri kuposa za ku koleji yaing'ono. Ndiye funso si lakuti sukulu yabwino ndi iti. Amake Tadala, mwana wanuyo ndi wotani? Ndi wogogoda, kapena wodikira kuitanidwa?

Mlembi wa gulu
Pali mayi wina wanditumizira kumbali, sakufuna dzina lake lioneke. Ndikuika monga walembera:

"Mwana wanga wamwamuna anapita ku koleji ina yaing'ono yonga imeneyi, sinditchula dzina. Titapita kukaona tinakopeka, udzu wobiriwira, aliyense akumwetulira, aphunzitsi akumudziwa dzina tsiku loyamba lomwe. Chikomekome cha mkuyu. Teremu yachiwiri anasiyana ndi chibwenzi chake. Pa sukulu yaikulu ukanangosintha njira, koma pamenepo holo yodyera ndi imodzi, ankakumana katatu pa tsiku, ndipo anzake onse anali anzake a mtsikanayo. Nkhani inafika paliponse. Kenako sanamvane ndi mphunzitsi wina, ndipo phunziro limene ankafunikira ankaphunzitsa ndi yemweyo basi, panalibe kothawira. Tauni yake yaing'ono, galimoto analibe, ometa tsitsi lathu kulibe. Anayamba kudzitsekera m'chipinda. Chaka chitatha tinamusamutsa, ndipo maphunziro ena amene anakhoza sanawerengedwe kumene anapitako, ndalama zinalowa m'madzi. Sindikuti musamutumize. Ndikungoti sukulu yaing'ono ikakuyanja imakhala ngati banja, ikapanda kukuyanja imakhalanso ngati banja."

Agogo Nangondo
Mayi ameneyu wanena mawu. Pepani kwambiri amayi, kulikonse muli.

Nasibeko
Zimene alembazi n'zoona ndipo zikhoza kuchitika pa koleji yaing'ono iliyonse. Kubisala kulibe. Ukajomba kalasi ya anthu 12 mpando wako umaoneka, ndipo masana omwewo ulandira uthenga wofunsa ngati uli bwino. Kwa ine zimenezo zinandipulumutsa nthawi imene bambo anga anadwala kumudzi. Kwa wina zikhoza kukhala ngati kulondalondedwa.

Ndiwonjezere za kagwirizanidwe kawo, chifukwa amene sakonda misonkhano adzatopa. Ma Quaker savota. Nkhani imakambidwa mpaka onse agwirizane, kapena wotsutsayo anene kuti sindikugwirizana nazo koma sinditsekereza. Ophunzira amatengera zomwezo ngakhale pa zinthu zazing'ono. M'nyumba imene tinkakhala tinatha madzulo onse kukambirana za mbale zosatsuka, wina aliyense kufotokoza mmene akumvera mumtima, pamene kwathu amayi akanangoloza munthu ndi chikho n'kutha. Ndinkapsa mtima. Koma ndinazindikira kuti ndi bwalo la kumudzi lomwe lija, kungoti palibe mfumu yogamula pamapeto. Ndipo ine amene ndinakula ndikudziwa kuti mwana wamkazi sayankhula pa akulu, kumeneko ankadikira mpaka ndiyankhule. Chete uja amakudikira.

Za tauni: Richmond ili ndi anthu pafupifupi 35,000, ambiri azungu, ndipo maganizo a m'tauni ndi a pa sukulu amasiyana. Masitolo akuluakulu alipo, chipatala cha Reid chilipo, koma zosangalatsa ndi zochepa. Pa sukulupo palibe magulu aja a anyamata okhaokha kapena atsikana okhaokha otchedwa fraternity ndi sorority. Moyo ndi wa pa sukulu pomwepo: makalabu, makwaya, mahatchi amene ophunzira amasamalira okha, kucheza pa kapinga ka pakati kamene amati The Heart, ndi kudandaula za chakudya cha ku holo imene aliyense amaitchula kuti Saga. Tsitsi tinkalukana tokha, kapena kudikira wa galimoto wopita ku Dayton kapena ku Indianapolis. Nsima tinkaphika m'khitchini ya hositelo ndi anzathu a ku Kenya ndi ku Zimbabwe, kukangana kuti yolimba bwino ndi ya ndani.

Chimwene wa ku Dayton
Za tsitsi ndi ufa musadandaule, Dayton ndi Richmond ndi mphindi zosakwana 60 pa msewu wa I-70. Mlamu wanu kuno amaluka. Ndipo mwana wokulira mu sinowo ya ku South Bend, ya ku Richmond adzaiona ngati mame.

Bambo a Mapasa
Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Mwana wa mchemwali wanga ali ku Haverford pafupi ndi Philadelphia, nayonso inayambitsidwa ndi ma Quaker mu 1833. Kumeneko mayeso amalemba popanda woyang'anira, ana amalonjeza okha kuti sabera ndipo amaweruzana okha. Nditamva ndinaseka, ndinati atayesa zimenezo pa MSCE aliyense apeza mapointi 6. Koma mwanayo akuti zimamulemera kuposa kukhala ndi woyang'anira, chifukwa ukabera wanamiza anzako, osati boma. Ndiye mtima umenewu uli m'masukulu awo, ngakhale ena monga Swarthmore anasiya kale kukhala pansi pa mpingo.

Aphunzitsi Opuma
Mukapita ku Richmond mudutsenso ku Fountain City, kamtunda pang'ono kumpoto. Kuli nyumba ya Levi Coffin ndi mkazi wake Catharine, ma Quaker amene ankabisa akapolo othawa kummwera popita ku ufulu. Nyumbayo ilipo mpaka lero ndipo anthu amakaiona. Mwana wakuda wophunzira m'dera limenelo ndi bwino adziwe kuti nthaka imeneyo ili ndi mbiri yotani, yabwino ndi yoipa yomwe, poti Indiana yomweyi inalinso chimake cha Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, m'zaka za m'ma 1920.

Aphiri a ku Elkhart
Aphunzitsi, inu mwana akafunsa njira ya ku chigayo mumayambira pa Adamu ndi Hava.

Aphunzitsi Opuma
Safunsa anadya phula, Aphiri.

Amake Tadala
Abale, ndinali ku shifiti ya usiku, ndawerenga zonse m'mawa uno. Zikomo nonse, makamaka mayi amene mwalemba mobisa. Funso la a Dokotala landigona pamtima. Tadala si wogogoda. Tinabwera naye kuchokera ku Zomba ali ndi zaka 12, anzake ankamuseka kayankhulidwe, ndiye anaphunzira kukhala kumbuyo kwa kalasi osakweza dzanja. Amakhoza bwino koma mwakachetechete. Ku Purdue ndikuopa kuti akhoza kutha zaka zinayi popanda mphunzitsi womudziwa nkhope.

Koma ndinene chimene chikundiwawa chenicheni. Usiku wa dzana ndinamufunsa kuti Andrews yakulakwira chiyani. Anati, "Amayi, ku Andrews aliyense amandidziwa kuti ndine mwana wa a dikoni. Ndikakhala pa benchi ndi mnyamata, musanagone mwamva kale." Ndinakwiya, ndinati ndiye ukutithawa? Sanayankhe. Tsono ndikamva Nasibeko akuti ku Earlham kubisala kulibe, ndikudabwa. Akuthawa malo amene aliyense amamudziwa, n'kuthawira kumalo amene aliyense adzamudziwe?

Agogo Nangondo
Iii, mwana ameneyu akutinena ife. Ndipo sakunama, foni ndikanaimba ndine.

Nasibeko
Anti, kudziwika kwake n'kosiyana. Ku South Bend amamudziwa asanatsegule pakamwa: mwana wa uje, mdzukulu wa uje, amaimba kwaya, sayankha akulu. Kumene akufunako palibe akudziwa bambo ake. Adzamudziwa ndi zimene iyeyo adzanene ndi kuchita. Ine sindikuona ngati akukuthawani. Akanafuna kuthawa akanapempha sukulu za ku California. Wasankha malo a maola atatu pa galimoto, kutali koti simungatulukire mwadzidzidzi, pafupi koti akadwala mufika tsiku lomwelo.

Koma musatenge mawu anga okha, ine ndi munthu amene zinamuyanja. Pitani naye tsiku la makalasi, osati la chionetsero pamene aliyense wavala kumwetulira. Apemphe kulowa m'kalasi ya bayoloje, akadye ku Saga, ndipo inu mumusiye yekha maola angapo. Afunse ana akuda amene ali pamenepo, makamaka obadwira kuno, chifukwa zimene amakumana nazo zimasiyana ndi za ife obwera ndi ndege. Afunsenso za thandizo limene sukulu imapereka kuti wophunzira akachite kafukufuku kapena internship. Akatero achitenso chimodzimodzi ku Purdue ndi ku Andrews.

Aphiri a ku Elkhart
Ine maganizo anga sanasinthe, Purdue ndi Purdue. Koma ngati ndi wofatsa chonchi, chabwino, kaoneni. Kungoti masamu a Ankolo a Misonkho achitike kaye. Mwana asakakonde malo amene thumba silifika, mudzalira nonse.

Dokotala wa Ana
Ndipo mumufunse kuti atasintha maganizo pa za udokotala, pa sukulu zitatuzi ndi iti imene angakhalebe mosangalala. Ambiri amene tinayamba nawo anasintha chaka chachiwiri, organic chemistry itawaonetsa nyenyezi masana.

Agogo Nangondo
Ine ndikadali ndi nkhawa ya Sabata. Mukapita mufufuze kumene azikapemphera ndi amene azimutenga, musabwere osadziwa. Ndipo bambo ake apite nawo, asamangomva za m'maluwa.

Amake Tadala
Bambo ake avomera kupempha tchuthi Lachisanu likubwerali. Tinyamuka 6 koloko m'mawa kuti tibwerere dzuwa lisanalowe. Ankolo a Misonkho, makalata atatu aja ndikutumizirani kumbali madzulo ano, pa ya Earlham pali mzere wina sindikuumvetsa ngati ndi sikolashipu kapena ngongole. Nasibeko, Tadala akupempha nambala yako, akuti ali ndi mafunso amene sakufuna ndiwamve.

Nasibeko
Mupatseni Anti, aimbe ikakwana 7 madzulo. Ndipo muuzeni asanditchule kuti Anti, ndine wa ku Earlham ine.

Aphiri a ku Elkhart
Mwaona? Zayambika.

Chimwene wa ku Dayton
Mukafika ku Richmond mundiimbire, ndibwera ndi mlamu wanu tidzakuoneni pa nkhomaliro. Ngati muli ndi ufa woyera wa kumudzi munditengereko pang'ono, wa kuno ukundikwana.